Tsiku lomwe ndinawalonda aNabanda kumtsinje

Chaka chomwe mvula inagwa mosalekeza mpaka kukokolola mlatho wathu wamitengo, ine ndinali mphunzitsi pa kasukulu kena m'mapiri a kwa Msakambewa, ndipo mnzanga wapantchito anali mayi wina, aNabanda, amene ankaphunzitsa kalasi yoyandikana ndi yanga. Tcherani khutu inu amene mwangoyamba kumene ntchito.

ANabanda anali ndi mwana mmodzi yekha, Tiyamike, kamtsikana kochangamuka ka m'kalasi mwanga. Tsiku lina akuchokera kwa agogo ake kutsidya, anaterereka pamwala, madzi n'kumutenga, ndipo tinakamupeza mawa lake atakodwa m'mabango. Masiku amenewo, ana anga, kunalibe zongotumiza pepani pa foni ngati lero. Sukulu yonse tinapita kumaliro, tinatunga madzi, tinaimba mpaka mawu anasasa, paja maliro n'kulirana. Koma chovuta si tsiku loika maliro ayi, chovuta ndi pamene anthu abalalika.

ANabanda anabwerera kuntchito msanga, osalira, osaseka, nkhope ili gwaa. Aphunzitsi anzathu ankayamika kuti mayiyu ndi wolimba mtima, koma ine mtima sunali m'malo, chifukwa ndinkaona kuti akamadutsa pakhomo pa kalasi yanga ankayang'ana kumbali. Ndiye tsiku lina m'mawa, ana ali pa buleki, ndinangoona asiya choko pazenera, avula nsapato n'kuziika bwinobwino pakhonde, kenaka n'kulowera njira yotsetsereka kumtsinje. Mtsinjewo unali utadzaza, mkokomo wake tinkaumva tili m'kalasi.

Kukuwa ndinaopa kuti athamanga, kukaitana aphunzitsi aakulu ndinaopa kuchedwa, choncho ndinangowalonda m'mbuyo, ndikuterereka m'matope pakati pa minda ya fodya, ndikupemphera chamumtima. Anakaima pamwala womwe uja, zala zakumapazi zili m'madzi, ndipo ine ndinafika pafupi n'kugwira nsonga ya chitenje chawo.

"ANaphiri, ndisiyeni," anatero osacheuka.

Ndinawayankha kuti sindiwakoka, koma sindiwasiyanso, ndipo ngati akulowa m'madzimo adziwe kuti tilowa awiri, chonsecho ine kusambira sindidziwa. Tinaima choncho nthawi yaitali, madzi akudutsa ndi nthambi zikuluzikulu patsogolo pathu. Belu linalira kusukulu koma palibe anasuntha. Kenaka anandifunsa motsitsa mawu:

"Bwanji nonse munasiya kutchula dzina lake? Mukuchita ngati mwana wanga sanakhalepo."

Mukuona ana anga, ife tinkakhala chete poganiza kuti tikuwapepuza, osadziwa kuti chete yemweyo ndiye ankawamaliza. Ndinayamba kuwauza za Tiyamike pomwepo, mmene ankandidzudzulira ndikasokoneza mawu a nyimbo, ndi mmene ankabisira chinangwa m'thumba la yunifolomu kuti akagawire mnzake wobwera wosadya. ANabanda anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka kulira, ndipo anabwerera m'mbuyo n'kukhala pansi m'matope momwemo, analira kulira komwe sanalire kumanda. Tinakwera chitunda dzuwa lili paliwombo, nditawagwira m'chiuno.

Kuchokera tsiku limenelo, tikaweruka ndinkapita kwawo kukachongera limodzi makope, ndipo mwanayo tinkamutchula momasuka. Masiku ena ankandibweza pakhomo, koma mawa lake ndinkapitanso. Anaphunzitsabe zaka zambiri mpaka tinapuma ntchito tonse.

Lero mumakhala otanganidwa, ndikudziwa, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mnzanu wapantchito akaferedwa, musafulumire kumuyamikira kulimba mtima. Khalani naye pafupi anthu ena atabalalika, mufunseni kuti malemuwo anali munthu wotani, kenaka mutseke pakamwa mumvetsere.