Tikiti Yokakuwizira

Pamzere wogulira matikiti a konsati ya gulu lina loimba nyimbo za roko, bambo wina wa imvi anamva mayi amene anali patsogolo pake akung'ung'udza nyimbo yatsopano ya gululo. Anayesa kudzigwira, koma zinamukanika.

"Mayi, imeneyo mukuti ndi roko? Imeneyo ndi nyimbo yogonekera mwana!"

"Ndakufunsani, bambo?"

"Anyamata amenewa ndinayamba kuwatsatira akuimbira m'magalaja. Gitala ankachita kulira, ng'oma ikagunda unkaimva m'chifuwa. Lero achotsa woimba ng'oma, aikapo kompyuta. Alibe manyazi!"

"Anyamata ake ati? Anthuwo ali ndi zidzukulu. Mukufuna azingokuwa mpaka mano onse agweluke?"

"Azikuwa! Ngati atopa asiye, osati kumatinamiza ndi dzina lomwe lija."

"Nanga mwaimiranji pamzere pano?"

"Ndikufuna ndikawakuwize pamaso."

"Kugula tikiti kuti mukakuwize anthu? Mutu wanu ukuyenda bwino?"

"Ife amene tinayamba nawo ndiye tiyenera kuwauza zoona. Inu mwawadziwa dzulodzuloli."

"Dzulodzuloli, eya. Ndinawadziwira m'chipatala. Amuna anga ankakonda zaphokoso zanuzo, koma atadwalika sankathanso kuzimvera. Nyimbo mukuinyozayi ndi yokhayo imene ankapempha, mpaka tsiku lomaliza. Mukakayerekeza kukuwiza ikamaimbidwa, tikaonana!"

Mzere unasuntha pang'ono. Bamboyo anayang'ana pansi.

"Pepani. Pa imeneyo ndikatseka pakamwa."

"Mukachita bwino."

"Koma zina zonsezo, mayi, mukakhale kutali ndi ine."