Nsapato Zomwe Ndinatsekera M'sutikesi

Awulutsi, ine ndine mayi wa ku Malindi, kaputeni wa timu ya amayi ya mpira wamiyendo. Chikho cha chaka chatha tinachiphonya chifukwa cha ine.

Masewero onse akumudzi tinapambana tikusewera opanda nsapato. Titafika mu semifainolo, bambo wina wochita bizinesi ya nsomba anatigulira nsapato za mpira. Ine ndinazitsekera m'sutikesi kuti zisathe msanga. Goloboyi wathu anandichonderera kuti, "Achemwali, tiziyeseko ngakhale kamodzi." Ndinamukalipira: "Pamchenga? Mukufuna tikaoneke amphawi kuboma?"

Tinakazivala koyamba tsiku la mpira, ku Mangochi. Hafu isanathe, mapazi onse anali matuza okhaokha. Atsikana athu othamanga aja ankayenda ngati aponda minga. Ndinapempha oyimbira kuti tivule, koma anati, "Mayi, kuno si kudambwe. Wovula atuluke." Anatichinya mpaka ochemerera athu anasiya kuimba.

Tinabwerera kwathu pa lole. Palibe anandinena, ndipo zimenezo n'zimene zimandiwawa mpaka lero.

Amayi anzanga, nsapato za mpira si mbale za alendo. Zathu zija zikadali zatsopano, koma chikho chili kwa ena.