Mwendo wa Alamu Anga aNdau

Kale, amuna a kuno akupitabe ku Joni kukakumba pansi, yunivesite imene mukuitchula modzaza pakamwayi inali kasukulu ka uphunzitsi chabe, midadada iwiri ya njerwa zootcha, belu la chitsulo cha galimoto, ndi dimba lalikulu kumunsi kwake. Lero mwana akasankhidwa amanyamula laputopu, koma masiku amenewo ankanyamula bulangete, mbale, ndowa ndi khasu, chifukwa ophunzira ankalima okha ndiwo zawo, ndipo wotuluka kumeneko ankadziwa kugwira choko ndi kuunga mzere womwe. Senderani kuno kumthunzi, iwe Tadala leka kaye kukanda foniyo, mumve mmene khasu linatsala pang'ono kumanitsa sukulu agogo anu aEsinati.

Ine sukulu ndinaionera pawindo. Kuwerenga ndinaphunzirira pa matumba a feteleza ndi pa zikwangwani za mabasi, ndipo ntchito yanga inali kugula ndi kugulitsa mbuzi pamsika wa Manjawira. Esinati anali mwana wa mlongo wanga, ine malume wake. Bambo ake, alamu anga aNdau, anali atangobwera kuchokera kumigodi ndi bokosi lachitsulo, chipewa, ndi chifuwa chosatha. Mwanayo atasankhidwa, iwo anazungulira mudzi wonse akulengeza kuti, "Wangayu khasu walitsanzika. Ine ndakumbira kale banja lonse." Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Sabata isanathe, uthenga uwu wafika: wophunzira aliyense abwere ndi khasu lake.

"Sapita," anatero aNdau. "Ngati n'kulima, munda tili nawo pompano. Ndidutse naye m'mudzi muno khasu lili paphewa? Andiseke ine?"

Mlongo wanga analira, abusa anabwera ndi mavesi awo nabwerera nawo, ndipo Esinati anangokhala pakhonde, osadya, poti akapanda kufika tsiku lotsegulira malo akewo akanapatsidwa wina. Inu a masiku ano mukanathamangira kukuwa za ufulu, ndipo mwina mukanakhoza, koma ine pamsika ndinaona kuti munthu akakakamira chingwe cha mbuzi, nthawi zambiri sakukana kugulitsa ayi, akungofuna akanene kunyumba kuti sanagonje. Ndiye ndinapita, ndinakhala pansi, ndinayamba ndafunsa za chifuwa.

"Alamu, mwanena zoona," ndinatero. "Mwana wa munthu woti anaona Joni ndi maso sangayende ngati waganyu."

"Eya! M'banja lanu lonseli wanzeru ndinu nokha."

"Koma tandiuzani, chikukuwawani n'chiyani, khasu kapena maso a anthu?"

Anatsokomola nthawi yaitali. "Khasu lilibe pakamwa," anatero.

"Basi tayandikana. Bokosi lanu lija lili ndi loko?"

"Maloko awiri. A ku Joni, osati tamanyazi ta m'magolosale mwanumu."

"Tigulule khasulo, tilikulunge m'bulangete, ligone pansi pa bokosi."

"Nanga mpini? Sungalowe."

"Mwendo wanu uja munati unagweredwa ndi mwala, sukufuna ndodo?"

"Unapola kalekale."

"Uyambirenso Lolemba."

Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala, kenako anati, "Koma mlongo wanu asamve kuti mwandigonjetsa." Ine ndinati ndikanena kuti alamula okha, ndipo ndinakanenadi choncho.

Lolemba m'mawa tinanyamuka, Esinati bokosi pamutu, ine ndowa m'manja, aNdau patsogolo akutsimphina ndi mpini watsopano wosalala bwino. Amayi pachitsime ankati, "Pepani aNdau, mwendo wayambanso?" Iwo n'kumayankha mwaulemu kuti, "Migodi, mayi, migodi." Kungoti pofika pamsewu anali atasintha mwendo, koma palibe anawerengera.

Tsono mverani izi. Titatsika basi pachipata cha sukuluyo, tinapeza azibambo ena ataima pansi pa mtengo, zipewa kumutu, nsapato zopukuta, aliyense atatsamira ndodo yatsopano yonenepa kumutu, ya chibowo pakati. Anapatsana moni mwaulemu waukulu, anafunsana kuti inu munali mgodi uti, nanga unakugwerani liti mwalawo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe anayang'ana ndodo ya mnzake. Ine ndinapita kuseri kwa mpanda kukaseka ndekha mpaka misozi. Ana atalowa ndi mipini yawo, azibambo onse anabwerera pa basi atachira.

Musaipeputse sukulu ija chifukwa cha makasuwo. Amene anaiyambitsa ankadziwa kuti ana ake ndi a anthu osauka, ndipo anati walira mvula walira matope, tilime tidye, pasapezeke wobwerera chifukwa cha njala. Esinati anatuluka kumeneko nakaphunzitsa ku Kandeu, kenako ku Kasinje mpaka imvi, ndipo mukapita kuchipatala kuja mukapeza anamwino amene iye anawagwira dzanja polemba dzina lawo koyamba. Chaka chatha mdzukulu wina ananditengera kusukulu kuja. Pamene panali dimba paja pali nyumba yosanja ya mabuku, ana akuphunzira zamalamulo ndi zaulimi, atsikana ochuluka ngati anyamata, koma mtengo uja pachipata ulipobe, ndipo ndinauvulira chipewa.

Inu mukupita kusukulu zazikulu, mudzabwera ndi mfundo zakuthwa, ndipo tsiku lina mudzapeza wamkulu ataima pakhomo poti mudutse. Musamamugwetse anthu akuona, adzukulu anga. Funsani chimene akuopa, mumusiyire poponda potembenuka, chifukwa kunyada ndi chikondi nthawi zina zimavala malaya amodzi. ANdau anamwalira akuuza aliyense kuti mwana anamupititsa kusukulu ndi iwo, ndipo ine sindinawatsutsepo. Nanga ndani wina akanatsimphina mudzi wonse ndi mwendo wabwinobwino?