Mkangano umene unatsegula chitseko cha Yamikani

Moni abale ndi alongo. Aleluya!

Ambiri mumandidziwa nkhope yokha. Ndimakhala kumbuyo uko, pafupi ndi khomo. Ndine bambo a Yamikani. Kwathu ndi ku Dowa, kuno timakhala ku Oldbury. Abusa andiuza kuti ndiimirire. Ndawayankha kuti sindidziwa kuyankhula. Ati ingonenani zimene zinachitika. Ndinena zimenezo basi, kenako ndikhala pansi.

Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Kuno anayamba kubwera ndi mayi a Yamikani, pa ntchito yosamalira okalamba. Ine ndi mwana tinatsatira pambuyo. Ndinapeza ntchito ku weyahausi, yokweza makatoni m'malole. Ntchito yosafuna pakamwa. Inandiyenera.

Mwana tili naye mmodzi, Yamikaniyo. Pano ndi mnyamata wamkulu, wandiposa msinkhu. Atafika kuno Chingerezi chinamulowa msanga. Ndikamufunsa m'Chichewa, ayankha m'Chingerezi. Ine Chingerezi ndimamva pang'ono, koma kuti ndibweze, lilime limakana. Kucheza kwathu kunatsala kochepa. Wadya? Wabwera? Tseka chitseko. Basi.

Ku koleji anakapezako masewera. Si mpira wathu wa miyendo uja ayi. Ndi wa ku America. Mpira wake uli ngati papaya. Amavala zipewa zolimba n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Analowa timu ya achinyamata konkuno ku Birmingham, ndipo iye anali wothamanga ndi mpira. Amamupatsa mpira m'manja. Kutsogolo kwake kumakhala zimphona za timu yake, zikukankhana ndi adani kuti zimutsegulire njira. Mpata ukaoneka, iye n'kudutsa. Anthu ankati ali ndi liwiro. Kunyumba ankabwera ndi matope mpaka m'makutu, akuseka yekha. Analinso ndi timu yake ya akatswiri ku America komweko imene ankaisapota. Dzina lake sinditchula, lilime langa silitha.

Tsiku lina kunagwa mvula. Anatiimbira foni kuti mwana ali kuchipatala. Bondo. Anamugwera anthu awiri mwendo utapindika. Dokotala anati mitsempha yaduka. Anamuchita opareshoni. Anati kuyenda adzayenda, koma kuthamanga kuja aiwale.

Aiwale, abale anga. Mawu amodzi okha.

Timu inaika wina pamalo pake. Sindikuwada, masewera sadikira munthu. Anzake anabwera kudzamuona masabata oyamba. Kenako anachepa. Kenako zii.

Yamikani anakwera masitepe ndi ndodo zake, analowa m'chipinda, anatseka chitseko. Ku koleji anasiya. Kuchipatala kolimbitsa bondo anakana. Kuno kutchalitchi munasiya kumuona. Chakudya tinkamuikira pansi pachitseko. Ukabwerako upeza mpunga wauma, wangodyedwa pakona.

Mayi ake ankagogoda. Ankamupempha. Ankalira. Tsiku lina anawayankha, ndipo mayi akewo anatsika kudzandipeza.

"Bambo a Yami, mwana akuti watopa."

"Apume," ndinatero.

"Si kutopa kumeneko. Akuti watopa kukhala ndi moyo."

Ndinakhala pansi pa sitepe. Kenako ndinatenga mapilisi ake onse opha ululu, ndinawaika m'thumba la jekete yanga ya kuntchito. Ndinkayenda nawo. Pa basi ndili nawo, pokweza makatoni ndili nawo. Mipeni ya kukhitchini ndinaibisa m'chikwama pamwamba pa kabati. Mayi ake anaimbira adokotala, anatipatsa tsiku loti akaonane ndi alangizi. Tsiku linafika, iye sanatsegule. Kodi mnyamata wamkulu chotero ungamunyamule?

Abusa anabwera. Anapemphera pachitseko. Chitseko sichinayankhe.

Mayi ake ankandiuza kuti, "Inu ndi bambo ake, muyankhuleni." Ndinkakwera. Ndinkaima pamenepo. Ndinene chiyani? Ine bambo anga sanandiuzepo mawu ofewa, anandiphunzitsa khasu basi. Ndinkatsegula pakamwa, mawu osabwera. Ndinkangoti, "Yami, idya." N'kutsika.

Sindinathe kanthu, abale ndi alongo. Kanthu! Makatoni olemera ndimanyamula tsiku lonse. Koma kachitseko kopyapyala kaja kanandikanika. Popita ku shifiti ndinkayang'ana zenera lake, katani ili chotseka. Pobwera ndinkaima panja kaye, kuopa kulowa. Pemphero langa linali lalifupi. Ambuye, ndikamupeze akupuma. Lina ndinalibe.

Chinthu chimodzi chokha chinkamveka m'chipindamo: mawu a azungu a ku America akukangana pa foni yake. M'mawa akukangana, madzulo akukangana. Ndinkadabwa. Nyengo ya masewera inali itatha, ndiye akulimbirana chiyani?

Kuntchito kuli a Tembo, a ku Chipata, amayendetsa kagalimoto konyamula katundu. Nawo amakonda masewera amenewa. Pa buleki ndinawafunsa.

Anaseka. "Mudala, ino ndiye nyengo yokoma. Kulibe kusewera, kuli pakamwa pokha. Matimu akuchotsa anthu, akugula ena, akusankha ana a ku koleji. Masapota timatukwanizana mpaka masewera adzayambenso. Mwana wanu amasapota iti?"

Ndinawaonetsa chithunzi cha malaya ake a timu ija.

"Aaa, awo ali pa moto! Mpira wapansi, wothamanga nawo uja, unawakanika chaka chatha. Ali ndi wothamanga wawo wakale, wawatumikira zaka zambiri, koma miyendo yayamba kulemera. Ena akuti achotsedwe, atenge kamwana katsopano. Ena akuti asiyidwe, vuto ndi zimphona zakutsogolo, sizikutsegula njira. Masapota agawikana pakati."

"Akamuchotsa apita kuti?"

"Kulikonse, mudala. Kapena kunyumba."

"Munthu wawagwirira ntchito zaka zonsezo?"

"Ndiye mwasankha kale mbali," anatero a Tembo. "Mwalowa."

Sindinaganize zambiri. Musandiyese wanzeru. Ndinalibe china choti ndinene pachitseko paja, basi. Madzulo amenewo ndinakwera ndi mbale. Ndinaika pansi. Ndinati, "Yami. Wothamanga wakale uja asamuchotse."

Zii.

Ndinatsika.

Mawa lake a Tembo anandipatsa zina. Koma mutu wanga ndi wa makatoni, ndinasokoneza. Ndinakafika pachitseko n'kunena kuti, "Yami, kamwana katsopano kaja n'kabwino, koma akaike pagolo."

Ndinamva bedi likulira. Ndinamva ndodo, go, go, go. Chitseko chinatseguka pang'ono. Nkhope inali itaonda, tsitsi losapesa. Anandiyang'ana ngati ndaba nkhuku.

"Adadi," anatero, m'Chichewa chenicheni, "masewera amenewa alibe wapagolo."

Anatsekanso.

Abale, ndinatsika masitepe. Mayi ake anafunsa kuti chachitika n'chiyani. Ndinati, wandikalipira. Anagwada pakhitchini pomwepo.

Kuyambira pamenepo ndinali ndi ntchito ziwiri. Masana makatoni, madzulo kukangana ndi chitseko. A Tembo ankandiphunzitsa pa buleki ndi zitsekerero za mabotolo patebulo. Izi zimphona, uyu woponya, uyu wothamanga. Zina ndinkamva. Zina ndinkamva bwinobwino koma pachitseko ndinkazipotoza dala, chifukwa ndinaona kuti ndikanena zoona sayankha. Ndikanena zopusa sapirira. Mwana ameneyu anatengera mayi ake, bodza la mpira silimugoneka.

"Yami, zimphona zija n'zonenepa kwambiri, azichepetse kudya."

"Adadi, kunenepako ndiye ntchito yake!"

"Yami, bwanji osangoponya mpira nthawi zonse? Kuthamanga nawo n'kutaya nthawi."

Tsiku limenelo chitseko chinatseguka chonse. Anandikhazika pampando. Anandionetsa pa foni. Timu ikamathamanga bwino ndi mpira, adani amasendera kutsogolo, kumbuyo kumatsala mpata woponyera. Ikalephera pansi, woponya amamudya wamoyo. Anayankhula nthawi yaitali, Chichewa chosakaniza, china chopindika ngati cha mzungu wa mishoni. Sindinamukonze. Akuyankhula choncho dzanja lake linapita pambale. Anadya osadziwa kuti akudya.

Musaombe m'manja. Sizinathe.

Masiku ena sankatsegula. Ndinkanena zopusa zanga zonse, chitseko chili duu. Mapilisi akadali m'jekete mwanga mpaka pano ndikunena. Mulungu sanachite zamwadzidzidzi kwathu. Ankatipatsa pang'ono, n'kutisiya tidikire.

Kenako nkhani inatuluka. A Tembo anandiuza m'mawa kuti timu ija yamuchotsa wothamanga wakale. Yatenga kamwana. Tsiku lonse mtima unali m'mwamba, sindinadziwe chifukwa chake. Munthu wake sindimudziwa. Ali kutsidya la nyanja, ndi wolemera, sadzamva za ine.

Nditafika ndinapeza chitseko chili pululu. Yamikani ali pabedi, mwendo uli pa pilo, foni ili chozimitsa.

Ndinati, "Alakwitsa."

"Sanalakwitse."

"Munthu anawanyamula zaka zonsezi."

"Zakale sizithamanga, adadi. Miyendo yake yatha."

"Akanamusunga. Aziphunzitsa anawo."

Anakweza mawu. "Simukumva! Wothamanga ndi miyendo basi. Miyendo ikatha, munthuyo watha. Amamutaya, amatenga wina. Palibe amamukumbuka. Ndi mmene zilili. Ine ndikudziwa, si ndine ndili pano?"

Anagwira bondo lake. Anayang'ana kukhoma.

Apo ndinazindikira kuti masabata onsewa sitinkakangana za munthu wa ku America. Ndinafuna mawu. Abale, ndinawafuna! Abusa akanakhala ndi vesi. Mayi ake akanakhala ndi nyimbo. Ine mutu unali mbee. Ndinaima ngati chitsa. Mumtima ndinati, Ambuye, mwandisiyanso.

Ndinakhala pansi, pa kapeti, pafupi ndi bedi. Ndinagwira phazi la mwendo wodwalawo. Linali lozizira. Ndinalifunditsa ndi manja anga awiri okhakhalawa. Ndinati, "Awo ndi a timu. Ine si timu. Ine sindichotsa munthu."

Ndi zokhazo zimene zinabwera.

Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Analira ngati mmene ankalirira ali wakhanda ku Dowa. Ine sindinasunthe, phazi lili m'manja. Mayi ake anabwera kuchokera ku shifiti, anatipeza choncho, anabwerera pa masitepe mwakachetechete.

Mmene zilili lero ndinena mosabisa. Bondo silinabwerere. Sadzasewera. Akakwera masitepe amapuma pakati. Kwa alangizi anapita, ndinamuperekeza pa basi, ndinadikira panja. Akupitabe. Kolimbitsa bondo akupita, nthawi zina amajomba. Ku koleji akuti abwerera, tiona. Pali masiku amene katani imakhalanso chotseka, ndipo mantha aja amabweranso ngati kale. Sindinganame kuti ndapambana. Ine palibe chimene ndinachita. Mulungu anatenga umbuli wanga, chinthu chimene ndinkachita nacho manyazi m'dziko lino, n'kugogoda nacho pachitseko.

Koma amadya patebulo. Amandiyankha m'Chichewa, makamaka akakwiya. Loweruka a Tembo amabwera kunyumba, atatu timakangana mpaka mayi ake kutithamangitsa pabalaza. Yamikani akuti kamwana katsopano kadzawapulumutsa. A Tembo akuti popanda kusintha zimphona zakutsogolo, ngakhale mutaika mphepo sidutsa. Ine ndikadali pa mawu anga, wakale uja anamulakwira. Masewera sanayambe n'komwe. Sindikufuna ayambe msanga.

Zikomo Ambuye. Zikomo amayi a m'bungwe amene munkabwera kudzakhala ndi mkazi wanga. Zikomo a Tembo, ngakhale simupemphera kuno. Inu amene muli ndi chitseko chotseka kunyumba kwanu, ndilibe malangizo. Ndikungoti musasiye kukwera masitepe.

Lero m'mawa ndikuvala nsapato, ndinamva ndodo kumbuyo kwanga. Anati, "Adadi, mukakanena za mpira kutchalitchiko, musakanenenso za wapagolo. Mudzandichititsa manyazi." Ndinati ngati ukuopa, tiye ukandiyang'anire.

Ndi uyo wakhala pampando wanga, pafupi ndi khomo. Musatembenuke nonse, angathawe.

Ndatha. Ameni.