Ndowa Zitatu Zokha

Makina ochapira anali atakhoma chitseko, kanyali kofiira kakuphethira, ndipo mkamwini, mphunzitsi wa masamu, anali atagwada patsogolo pake atavala kabudula, kabuku ka malangizo kali m'manja. Apongozi ake anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Amayi, akazi anga akuyamba unamwino lero 2 koloko. Yunifolomu ndi imodzi, ndipo ndinaisiya m'dengu la zochapa limene iwo anakhuthulira m'makinamu n'kuwayatsa asanachoke. Akabwera komangitsa tsitsi avala chiyani?"

"Tsegulani, aphunzitsi. Si ndinu mwamuna?"

"Kabuku kakuti chitseko sichitseguka makina akamaganiza kuti muli madzi."

"Akamaganiza? Aa! Ayamba liti kuganiza?"

"Tsamba 14." Ananyowetsa chala n'kutembenuza. "Muli kapaipi kakang'ono komva kuchuluka kwa madzi. Funso loyamba: kodi mpopi ndi wotsegula?"

"Mukufunsa ine kapena makinawo?"

"Kabuku kakufunsa ife." Anasuzumira kuseri. "Wotsegula. Funso lachiwiri: kodi alipo amene wasintha mabatani?"

"Ine zobanda-banda sindizidziwa."

"Ndiye simunawakhudze?"

"Mabatani ayi."

Mkamwini anachonga ndi pensulo. Kenako anaona ndowa yonyowa kuseri kwa miyendo ya apongozi.

"Ndowayo ikutani?"

"Ikupuma."

"Yagwira ntchito yanji?"

"Aphunzitsi, ine ndachapa zaka makumi anayi. Ndasuzumira pagalasipo, timadzi take ngati ta m'kapu ya mankhwala. Zovala zikungogubuduka zouma, phu, phu, ngati zikumenyana. Ndinawamvera chisoni."

"Munathiramo madzi?"

"Ndinawathandiza."

"Podzera pati? Chitseko chinali chotseka."

"M'kadilowa ka sopo. Pakamwa pake si pomwepo?"

"Ndowa zingati?"

"Imodzi."

Mkamwini anayang'ana pagalasi. Thovu linali litafika pamwamba.

"Imodzi siingafike apa, amayi. Ng'oma yake imalowa malita..."

"Chabwino, ziwiri."

"Ndawerengera zitatu."

"Yachitatuyo inali yosadzaza! Iii, mwana wanga anakwatiwa ndi sikelo."

"Nanga thovuli?"

"Madzi ochuluka amafuna sopo wochuluka. Zimenezo kusukulu simuphunzitsa?"

"Kabuku kakuti supuni ziwiri."

"Kabukuko kanachapapo kolala ya munthu?"

Iye anaganiza kaye. "Sikananene."

Anazula pulagi, namasula kapaipi kapansi, ndipo madzi anatsikira m'beseni mpaka anatha. Anabwezera pulagi. Kanyali kanaphethiranso, chitseko chili gwa.

"Mwaona? Madzi atha koma akukakamirabe kuti alimo. Abodza makinawa."

"Sakunama, amayi. Thovu latseka kapaipi komvera kaja. Akunena zimene akumva."

"Ngati inu."

"Eya," anavomera, osamva kuwawa. "Tsamba 15: zimitsani, chotsani chivindikiro chapamwamba, zulani kapaipi, uziranimo."

"Muuzire? Ndi pakamwa?"

"Sanatchule chiwalo china."

Wotchi yapakhoma inali itadutsa 12 koloko. Mkamwini anamasula masikuluwu n'kuwandandalika pansi motsatana kukula kwake. Anazula kapaipi, nakoka mpweya, nauzira. Masaya anatupa. Zii.

"Limbikani, bambo. Paukwati paja munkalankhula ola lathunthu, mpweya muli nawo."

Anauziranso. Munamveka kuti bwu, ndipo thovu lotuwa linabwerera n'kumuthira m'mphuno. Anayetsemula katatu, magalasi ali mbee.

"Kabuku kanati mumeze?"

"Sikanati ndisameze," anatero akulavula.

Anabwezera zonse, nayatsa. Makina anang'ung'udza pang'ono, kanyali kanazima, chitseko chinati kete. Mkamwini anapisa mkono n'kuyamba kutulutsa zovala zodontha, chimodzichimodzi. Thalauza lakuda. Thalauza lotuwa. Thalauza lake laukwati. Anapisanso mpaka phewa, nazunguza ng'oma yopanda kanthu.

"Amayi, yunifolomu mulibe!"

"Ikhalemo bwanji? Ili pabedi. Ndinaichapa pamanja m'mawa, yauma, ndasita. Chovala cha mwana wanga ndingachipereke kwa chinthu chochapa ndi malovu?"

"Ola lonseli! Bwanji osanena?"

"Munandifunsa za mpopi, za mabatani, za ndowa. Za yunifolomu zili tsamba liti?"

Geti linalira panja. Mawu a namwino anamveka: "Bambo, valanitu, mundiperekeze! Kuchipatala anati tsiku loyamba tibwere ndi akunyumba adzatijambule!"

Mkamwini anayang'ana mathalauza ake onse atatu akudontha m'beseni, kenako maondo ake ali pamtunda.

"Amayi," ananong'ona, "pamenepa nditani?"

Apongozi anatola kabuku kaja pansi, nakakung'untha thovu, namupatsa ndi manja awiri.

"Onani tsamba 16, aphunzitsi. Ine mabatani sindikhudza."