Chimbudzi cha pa Positi

Pa siteji ya basi mumzinda wa Toledo, mkulu wina wolongolola, bambo Lamont, anaona mayi wachilendo akubisa kabokosi koyera m'khwapa.

"Mayi, musavutike kubisa, kabokosiko ndikukadziwa. Muli chimbudzi chokayezetsa, eti?"

"Bambo inu, mulibe manyazi?"

"Manyazi ndinawasiya kupositi! Changa ndinatumiza kuchipatala pa positi chaka chatha, anapezamo magazi. Adokotala analowa ndi kamera kukhomo lakuseri, n'kubudula tinjerewere m'matumbomu tisanasanduke khansa."

"Zinapweteka?"

"Ndinali mtulo ine. Chowawa ndi mankhwala otsuka m'mimba omwa kamera isanalowe basi. Atamaliza ndinayamba ndi msuzi, pano ndikukukuta nthiti za nkhumba. Muno m'kati mukuwala kuposa mbale za alendo!"

"Ine ndikuopa yankho lake. Khansa yomweyo inatenga mchimwene wanga. Lero ndalimba mtima ndaikamo, koma kukaponya kupositi ndikulephera."

"Pepani, mayi. Iwo anatumiza?"

"Ayi, ankati n'zauve."

"Ndiye bokosi la positi ndi ilo, labuluulo. Basi ikabwera ndiigwira."

"Muigwira bwanji?"

"Ndimufotokozera dalaivala za matumbo anga. Yendani pang'onopang'ono, nkhaniyi ndi yaitali!"