Munthu Amene Ankaodira pa Waya

Ba Manijala Mwangelwa, akuluakulu amene mwachokera ku likulu ku Lusaka, abusa, amake Cheelo, akazi a ba Mudenda, ndi ana, anzanga nonse a ntchito, landirani moni pa phwando lino lotsanzikana ndi ba Mudenda, amene akupuma pa ntchito. Kwa amene simundidziwa, ndine Siyanga. Ndagwira ntchito ndi ba Mudenda pa kampani yathu ya mafoni ino zaka makumi awiri.

Dzulo ofesi inandipatsa pepala loti ndiwerenge pano. Ni pepala labwino, Chizungu chake chosalala. Ndalipinda, lili m'thumba. Mundikhululukire, bwana.

Tiyambe ndi zoseketsa, chifukwa lero zilipo zochepa.

Ba Mudenda analowa ntchito masiku a mafoni a waya, munthu ukukwera pholo ndi kafoni koyesera m'chiuno. Lamulo linali limodzi: ukalumikiza pa waya wa munthu, uyambe waodira. "Odi, ndife a mafoni, tikuyesa waya." Sabata yawo yoyamba, pa Mosi-oa-Tunya Road pompa, anakwera, analumikiza, kuodira anaiwala. Anapeza mtsikana akufunsa mnzake kuti basi ya ku Sesheke imanyamuka nthawi yanji. Mnzakeyo sankadziwa. Ba Mudenda ali pamwamba pa pholo, mtima wabwino unawapweteka. "Seveni koloko, sisi."

Mtsikana uja anati, "Iwe ndiwe ndani? Kwanu sanakuphunzitse kuodira pakhomo pa eni?" Anawakalipira mpaka pulayala inagwa pansi. Mtsikanayo ndi amake Cheelo, awo akubisa nkhope m'chitenge apo. Ba Mudenda anapita kukapepesa, ndipo patha zaka makumi atatu ndi zinayi akupepesabe.

Chichokereni tsiku limenelo, munthuyu amaodira chilichonse. M'chipinda cha makina mulibe munthu, koma iwo, "Odi." Tsiku lina ku Mukuni tinapeza njovu itaima pansi pa nsanja yathu ya mafoni. Ine ndathawira kale m'galimoto, ndikungomva, "Odi, ba mudala, tingagwireko ntchito?" Tinkawaseka. Ine ndinkaseka kuposa nonse.

Sekani mumalize, chifukwa zotsalazi zilibe nthabwala.

Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, Lachiwiri m'mawa, kunabwera amuna awiri a masuti. Anati ni a boma. Anali ndi manambala makumi anayi, ndi kalata yochokera ku likulu lathu yoti tiwathandize. Ankafuna kumamva zonse zolankhulidwa pa manambala amenewo. Ba Mudenda anafunsa chilolezo cha khoti. Panalibe. Iwo anati, "Popanda pepala la jaji, uku ni kulowera pawindo m'nyumba ya munthu. Ine sindilowa." Pofika Lachisanu anali atawalanda makiyi a chipinda cha makina, n'kuwabwezera kokwera nsanja, munthu wa zaka zopitirira makumi asanu, mawondo otupa.

Makiyiwo anapatsa ine, ndipo ndinalandira. Manambala aja ndinawalumikiza ndine, ndi manja awa, ndisanapite kukadya nkhomaliro. Ndinadzinamiza kuti wotumidwa alibe mlandu. Zoona zake n'zakuti ndinachita mantha, ndipo mpaka lero ndikuchita manyazi.

Nambala imodzi inali ya ba Mainza, mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta ku msika wa ku Dambwa. Ankatsogolera anzawo pokana kuchotsedwa pamalo awo, basi, mlandu wawo unali womwewo. A boma anawatenga. Kumene anawatsekerako anawawerengera mawu onse amene analankhula ndi mng'ono wawo, ngakhale za matenda amene ana awo omwe sankawadziwa. Mayi uja anakhulupirira kuti mng'ono wakeyo ndiye wamupereka. Anamwalira chaka chatha asanalankhulanenso. Ba Mudenda anapita kumaliro. Ine ndinadutsa pakhomopo m'minibasi, n'kuyang'ana kumbali.

Tsopano mabanja a eni manambala aja asumira kampani yathu. Nonse mukudziwa, ngakhale mu ofesi timangonong'ona. Mlandu ukulowa Lolemba. Maloya athu alemba kuti kuno ku Livingstone palibe nambala imene inalumikizidwa. Mboni ya mabanjawo ni imodzi yokha, ba Mudenda. Ndipo pepala lili m'thumba mwangali likuti akupuma msanga chifukwa ayamba kuiwalaiwala. Mabwana, munafuna kuti ndinene ine zimenezo, pamaso pa akazi awo, kuti Lolemba mukauze jaji kuti ngakhale mnzake wa zaka makumi awiri anavomera kuti mutu wa mdalayu watha.

Ba Mudenda saiwala. Afunseni nthawi ya basi ya ku Sesheke. Ndipo saiwala amene analandira makiyi awo. Koma zaka zonsezi sananditukwanepo ngakhale kamodzi. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo la chipinda chimene anawalanda, zingwe zili paphewa, n'kunena, "Odi, ba Siyanga." Bola akanandimenya mbama.

Mudala wanga, zikomo. Munandiphunzitsa kusenda waya osagwiritsa mano. Munandiphunzitsa kumanga lamba ndisanakwere, ndipo lamba ameneyo anandipulumutsa kawiri. Nthawi ya mvula munkakwera inu, ine ndikugwira makwerero. Phunziro lanu lalikulu lija la kuodira ndi limene ndinalephera, ndipo vuto silinali la mphunzitsi.

Ba Mwangelwa, makiyi anu ndi awa. Ndikuwaika apa, pafupi ndi keke. Lachitatu ndinapita kwa loya wa mabanja aja, ndinanena zonse, ndinasaina. Lolemba mboni zidzakhala ziwiri. Kaya mawa ndili pa ntchito, kaya ayi, sindikudziwa. Koma mng'ono wa ba Mainza akamve kuchokera pakamwa panga kuti sanapereke mkulu wake. Ndinamupereka ndine.

Ba Mudenda, pitani mukapume. Mawondo akapole, zidzukulu zikakusokoseni. Amake Cheelo, tengani munthu wanu. Munatibwereka wamphamvu, tikukubwezerani wotsimphina, koma dzina lake lilibe banga.

Anzanga, ndikuona ena mwabisa manja pansi pa tebulo, maso ali kwa mabwana. Sindikukuweruzani, mantha amenewo ndikuwadziwa bwino. Ndiyamba ndekha. Amene manja ake akadali ake, aimirire tiwaombere m'manja ba Mudenda.